Kasakaniza wa ku Scala Sanali Chisokonezo

Pali anthu amene amati nyumba ya kanema yoonetsa mafilimu akale ndi achilendo ilibenso ntchito masiku ano. Iwo amati aliyense ali ndi foni m'manja, ndipo filimu iliyonse imene waifuna atha kuionera ali chigonere pamphasa. Maganizo otere ndi opotoka. Munthu amafunafuna chinthu chimene akuchidziwa kale. Chimene sanachimvepo n'komwe sangachifune, ngakhale chitakhala m'thumba mwake momwemo. Mbiri ya nyumba ya kanema ya Scala, mumzinda wa London, ikuwatsutsa anthu amenewa poyera.

M'chaka cha 1981, Scala inasamukira ku King's Cross motsogozedwa ndi Stephen Woolley, n'kulowa m'chinyumba chakale chimene chinkanjenjemera sitima zapansi panthaka zikamadutsa. Nyumba zina za kanema zinkaonetsa filimu imodzi yatsopano kwa milungu ingapo mpaka anthu atakhuta nayo. Ku Scala mafilimu ankasintha pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri ankaonetsa awiri kapena atatu motsatizana. Loweruka anthu ankachezera usiku wonse mpaka mbandakucha. Munthu wobwera kudzaseka nthabwala za Laurel ndi Hardy ankapezanso pandandanda mafilimu ankhonya a ku Hong Kong, King Kong ya 1933, mafilimu a anyamata apakavalo a Sergio Leone wa ku Italy, ngakhalenso Eraserhead ya David Lynch, imene ambiri amatulukamo mutu utaima.

Otsutsa amati kusakaniza kotere ndi chipwirikiti, kuti mafilimu aulemu sayenera kukhalira limodzi ndi anthabwala kapena oopseza. Koma anaika malire amenewa ndani? Nzeru imabwera pofanizira zinthu. Munthu amene waonera Yojimbo, imene Akira Kurosawa wa ku Japan anapanga mu 1961, kenaka n'kuonera A Fistful of Dollars ya Leone ya 1964, amazindikira yekha kuti nkhani yake ndi imodzimodzi: mlendo afika m'mudzi wa magulu awiri odana, n'kuwadyera onse masuku pamutu. Kusiyana kwake n'kwakuti wina wanyamula lupanga, wina mfuti. Phunziro lotere silipezeka kumene mafilimu amawatsekera m'makola, a ku Japan kwaokha, a ku Ulaya kwaokha.

Nanga za pafoni zija? Makampani oonetsa mafilimu pa intaneti amayang'ana zimene munthu anaonera dzulo, n'kumupatsa zofanana nazo lero. Wokonda nkhondo amamuthira nkhondo, wokonda zachikondi amamuthira zachikondi, mpaka munthuyo amasanduka mwana wosayenda uja amene amati amayi ake okha ndiwo odziwa kuphika. Wosankha mafilimu m'nyumba ngati Scala amachita zosiyana. Iye amaika dala ndiwo yachilendo pambali pa yozolowereka, ndipo woonera, poti walipira kale ndipo wakhala pakati pa anzake mumdima, sathawa ikangoyamba kumuvuta. Amadekha, ndipo nthawi zina filimu imene sanaidzere ndiyo imene amapita nayo kwawo mumtima.

N'zoona kuti Scala sinali malo oyera. Mafilimu ena amene inkaonetsa sanali oyenera ana, ndipo mu 1992 inaphwanya lamulo. Stanley Kubrick anali ataletsa kuti filimu yake ya 1971, A Clockwork Orange, isaonetsedwenso ku Britain, anthu atayamba kunena kuti ikulimbikitsa chiwawa, banja lakenso litaopsezedwa. Scala inaionetsa popanda chilolezo. Eni filimuyo, a Warner Brothers, sanaimve bwino nkhaniyi, ndipo mlandu utapita kukhoti Scala inagonja. Apa palibe chobisa: mwini ntchito ali ndi ufulu pa ntchito yake, ndipo Scala inalakwa.

Komabe chilango chinakula kuposa mlandu. Ndalama za mlanduwo zinagwera nyumba imene inali itatsamwa kale ndi lendi, pamenenso makaseti a vidiyo anali atayamba kusunga anthu m'makomo mwawo. Mu 1993 zitseko zinatsekedwa. Amene anataya kwambiri sanali eni nyumbayo. Anali achinyamata osauka a mumzindawo, amene sukulu yawo ya kanema inali yomweyo. Jane Giles, amene ankasankha mafilimu pa nthawi ya mlandu ija, anadzapanga filimu yofotokoza mbiri ya Scala pamodzi ndi Ali Catterall mu 2023, ndipo m'menemo opanga mafilimu, oimba ndi olemba akuchitira umboni zimene anatola m'chinyumba chonjenjemera chija.

Kubrick anamwalira mu 1999, chaka chomwe nyumba ya Scala inatsegulidwanso ngati malo a zoimbaimba. Mu 2000, A Clockwork Orange inabwerera m'nyumba za kanema za ku Britain mwalamulo, ndipo eni ake anatolera ndalama zawo bwinobwino, Scala itatha zaka zisanu ndi ziwiri ili m'manda.