Kuonjezera Mtundu m'Masewera a Kompyuta: Safunsa Anadya Phula

Aliyense amene anakhalapo pa nsolo adziwa kuti masewera ena safuna mphamvu za m'manja koma nzeru za m'mutu. Masewera otere alinso m'makompyuta, ndipo ochuka mwa iwo ndi Civilization, amene Sid Meier anawakonza ku America ndi kuwatulutsa m'caka ca 1991. Wosewera asankha mtundu wa anthu, namanga mudzi woyamba, kulima minda, kucita malonda, kupangana mtendere kapena kuthira nkhondo anansi, kufikira dziko lake litakula.

Mitundu ya m'masewerawa isankhidwa ndi eni kampani. Mwa ya mu Africa, Azulu a Shaka analimo kuyambira 1991, Mali wa Mansa Musa analowa mu 2005, ndipo Kongo mu 2016. Mitundu yambiri inatsala kunja. Cifukwa ca ici, osewera ena aluso amadziikira okha mtundu umene aufuna, nchito imene pa Cingerezi ichedwa modding.

Nchitoyi si yapafupi. Mu Civilization V, amene anatuluka mu 2010, mmisiri ayamba walemba m'cilembedwe cochedwa XML dzina la mtundu, mfumu yake ndi maina a midzi yake. Kenaka aupatsa zinthu zimene mitundu ina ilibe, monga Azulu ali ndi asilikali a Impi ndi msasa wa nkhondo wa Ikanda. Ajambulanso nkhope ya mfumu ndi cizindikiro ca mtunduwo. Akaphonya cilembo cimodzi, nchito yonse ikhoza kukana kuyenda. Akaupatsa mphamvu zopitirira, masewera asukuluka, monga nsolo imene mmodzi wayamba ndi miyala yoposa ya mnzake. Zonse zikatha, agawira anzake kwaulere pa intaneti.

Koma bvuto lalikulu siliri m'makina. Iye amene asankha mfumu, cobvala ndi zida za mtundu, ndiye kuti akufotokoza mbiri ya eni ake kwa ana a maiko akutali, amene mwina sadzawerenga buku lina liri lonse la mtunduwo.

Kampani ya Firaxis, imene ikonza masewerawa, inaphunzira ici mwa zocitika. Pokonza gawo la 2013 inafuna kuikamo anthu a Pueblo a ku America, koma akulu ao anakana kuti cilankhulo cao cimvekemo. Kampaniyo inamvera, niika mtundu wa Shoshone m'malo mwao. Mu 2018 inaikamo mfumu Poundmaker ya mtundu wa Cree ku Canada, ndipo mmodzi wa akulu a kwao, a Milton Tootoosis, anadandaula kuti sanafunsidwe, natinso masewera olanda maiko sagwirizana ndi mwambo wao. Pokonza Civilization VII, amene anatuluka mu 2025, kampaniyo inakhala pansi ndi atsogoleri a mtundu wa Shawnee isanaikemo mtsogoleri wao wakale, Tecumseh.

Ngati kampani yaikulu inapunthwa cotere, nanga mnyamata wogwira nchito yekha m'cipinda, wopanda womuyang'anira? Amaravi mulibe m'masewerawa, ndipo wofuna kuwaika adzakumana ndi mafunso olemera. Kodi mfumu ikhale Kalonga kapena Undi? Kodi mtunduwo udziwike ndi nthungo, kapena ndi ng'anjo za citsulo ndi malonda a minyanga? Nanga Gule Wamkulu, amene zinsinsi zake siziululidwa kwa wosalowa, angajambulidwe monga coseweretsa?

Mayankho a mafunso awa sapezeka m'kompyuta. Ali kwa mafumu, kwa anamkungwi ndi kwa agogo a m'midzi. Mwana wodziwa makina atenge buku lake, akakhale pamphasa ndi kumva kwa iwo asanalembe cilembo coyamba, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.