Kodi khonsolo ya Salima ikuwadziwa anthu a pa Mbenji?

Chaka chilichonse mu Disembala chilumba cha Mbenji chimatsekedwa. Asodzi amapasula misasa, kukweza zilimira m'maboti n'kuwolokera kumtunda, ndipo palibe woponya ukonde kumeneko mpaka mu Epulo, mfumu yaikulu Makanjira ikatsegula pamwambo wa padoko la Chikombe. Lamuloli silidachokere ku Lilongwe. Lidakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950, dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo likutsatidwabe. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo amayi safikapo. Utaka umaswana mwamtendere, mwakuti akatswiri a zansomba, kuphatikizapo a ku Mzuzu University, akhala akupita kukaphunzira kwa anthu amenewa.

Nsomba zili ndi oziteteza. Nanga anthu akuwayang'anira ndani?

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 478,346 m'boma la Salima. Koma Mbenji ikatsegulidwa kumafika asodzi ndi alovi ochokera ku Nkhotakota, ku Mangochi ndi kumadera ena a m'mbali mwa nyanja. Pa Chikombe pamadzaza amayi ogula ndi kuyanika nsomba, ena ndi ana kumsana. Khamu limeneli lili m'kaundula wa ndani? Pogawa mankhwala kuchipatala chapafupi, amawerengera eni mudzi okha kapena ndi alendo omwe, amene amakhala pamenepo miyezi yambiri? Zimbudzi zilipo zingati, mijigo ingati? Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kunyanja adavutika kwambiri. Khonsolo yosadziwa chiwerengero cha anthu ogona padoko ingakonzekere bwanji mliri wina?

Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu kuanthu. Makhansala adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, kenaka dziko lidakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka 2014. M'zaka 9 zonsezo Mbenji idapitiriza kutsekedwa ndi kutsegulidwa panthawi yake. Zimenezi n'zonyaditsa kwa mfumu ndi komiti ya asodzi, koma kwa olemba malamulo n'zochititsa manyazi. Ngati anthu adatha kudzilamulira popanda khonsolo, kodi khonsoloyo itabwerera idawabweretsera chiyani chomwe analibe?

Sitikunena kuti ufumu ungalowe m'malo mwa khonsolo. Mfumu ingaletse mowa, koma siingalembe namwino ntchito kapena kukonza msewu woti nsomba zifike ku Lilongwe zisanavunde. Komanso mfumu sitiivotera, ndipo m'khonsolo momwemo mafumu amakhala opanda voti. Choncho amene ali ndi mphamvu panyanja alibe voti pabajeti, amene ali ndi voti pabajeti sagona pachilumba. Ndani akulumikiza awiriwa? Amayi, omwe mwambo suwalola kuwoloka koma ndiwo amagwira nsomba ikangotsika m'boti, amakadandaula kuti? Kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi amamvedwa, kapena amangodzaza benchi?

Ku Philippines lamulo la maboma aang'ono la 1991 lidapereka kwa khonsolo iliyonse ya m'mphepete mwa nyanja ulamuliro pamadzi ofika makilomita 15 kuchokera kugombe, ndipo theka la ndalama zomwe boma lalikulu limagawira makhonsolo amtundu umenewu limatengera kuchuluka kwa anthu. Kumeneko kakhonsolo kakumudzi kamadziwa kuti kusawerenga anthu n'kutaya ndalama. Kwathu kuno ndondomeko ya 1998 idalonjeza makhonsolo ndalama zosachepera 5 peresenti ya zomwe boma limatolera. Mwa zomwe zimafika ku Salima, zingati zimatsikira kwa Makanjira? Ziphaso za maukonde ndi misonkho ya pamsika, kodi wolipirayo adaonetsedwapo pepala losonyeza komwe ndalama yake idapita?

Awa si mafunso ofuna akatswiri ochokera kunja. Komiti ya pachilumba imadziwa maboti obwera ndi eni ake. Alangizi a zaumoyo amadziwa mabanja. Chotsala n'chakuti wina wa kukhonsolo akhale nawo pansi, aphatikize ziwerengerozo n'kuziika m'bajeti.

Inu makhansala amene mudasankhidwa pa 16 Sepitembala 2025, mwambo wotsegula Mbenji ukadzafika musadzangobwera kudzakhala pamipando yakutsogolo ndi kulandira utaka. Mudzabwere ndi chiwerengero cha anthu a padokopo, ndalama zomwe mwatolera kwa iwo ndi ntchito yomwe mwawakonzera, ndipo mudzaziwerenge pamaso pawo.