Nyanja Sikhala Malo Amodzi

Alimi anzanga a ku Mtakataka ndi ku Golomoti, pokumba citsime kumunsi kwa njanji, yang'anitsitsani dothi lotuluka m'dzenjemo. Mukapeza mcenga woyera ndi zigoba za nkhono za m'madzi, dziwani kuti nyanja inafikapo pamenepo kale.

Akatswiri nawonso amafunsa dothi monga momwemo. M'caka ca 2005 anaboola pansi pa nyanja yathuyi, natulutsa matope akalekale. M'matopemo muli tizigoba tosaoneka ndi maso, tofuna galasi lokulitsa. Tina nta m'madzi akuya, tina nta m'madzi osaya ndi amcere. Tizigobato tinaulula kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo nyanja inaphwa mamita oposa 500.

Za dzulodzulo ziriponso. Kuyambira 1915 kufikira 1935 nyanja inaleka kuthira madzi mu Shire. Mu 1980 ndi mu 2024 inadzaza, nimiza minda ndi nyumba za m'gombe.

Tsono pamene madzi aphwa, bzalanipo mpunga kapena mbatata, palibe kanthu. Koma nyumba ndi nkhokwe mangani kumtunda. Musanazike nsici, yambani mwafunsa akulu a pa mudzi akulozereni pamene madzi analekeza mu 1980.