Mbuzi, Mphunzitsi Amene Mukumunyoza

Adzukulu anga amene mukukonzekera mayeso olowera sukulu za unamwino ndi udokotala, ndili nanu mawu. Mumaloweza maina a ziwalo m'Chingelezi ngati chinkhwe, koma mbuzi ikamasendedwa pa ukwati kapena pa sadaka mumathawira ku mafoni, ati m'kati mwa nyama mumanyansa. Namwino wa mtundu wanji woopa magazi? N'zamanyazi!

Makolo athu potumbula mbuzi ankasamala kuti ndulu isaphulike, poti imawawitsa nyama. Ndulu yomweyo ndiyo mukuisaka m'mabuku: madzi ake amapangidwa ndi chiwindi, ndipo amathandiza kugaya mafuta m'matumbo. Mtima wa mbuzi uli ndi zipinda 4 monga wanu. Uduleni, muone kuchindikala kwa khoma la chipinda chamunsi cha kumanzere, pakuti ndicho chimapopa magazi kupita m'thupi lonse. William Harvey, amene anafotokoza kayendedwe ka magazi mu 1628, naye ankatumbula nyama.

Komatu musatengeke nazo zonse. Chifu cha mbuzi chili ndi zigawo 4 chifukwa imabzikula, pamene cha munthu ndi thumba limodzi lokha.