CHENJEZO: Belo ya Kupolisi Sagula

Ngati wachibale wanu ali m'chitokosi lero, werengani izi musanagulitse mbuzi kapena kutenga katapila.

Panja pa mapolisi ndi makhoti ena pamakhala anthu otchena bwino, envulopu ya khaki ili kukhwapa. Akakuonani mwanyamula kontena ya nsima, maso ali psuu, amakusendererani. "Mayi, mwana wanuyu akangopita ku rimandi ndiye mwamutaya. Pezani kangachepe tikaonane ndi abwana." Amenewa ndi madobadoba, ndipo amadyera pa chinthu chimodzi chokha: akudziwa kuti mawu a kukhoti amakuopsani.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wapolisi kapena wina aliyense akakuuzani mtengo wake, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo inu mukapereka mwapalamulanso mlandu. Belo ya kukhoti njosiyana. Woweruza angalamule ndalama ya chikole, koma amaitchula yekha pabwalo aliyense akumva, mumakalipira ku ofesi ya khoti n'kulandira lisiti ya boma. Lisitiyo isungeni ngati mankhwala, chifukwa mlandu ukatha wozengedwayo atatsatira malamulo onse a belo, ndalamayo imabwezedwa. Ya kuseri kwa galimoto sibwerera. Dziwaninso kuti belo si kumasulidwa pa mlandu ayi. Tsiku la khoti likafika munthu osaoneka, amamangidwanso ndipo amene munamuimira ngati mboni za belo mumalowa m'mavuto. Pa mlandu wakupha, belo imachokera ku High Court kokha, choncho wokulonjezani kuti aikonza kupolisi akukuberani masanasana.

Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi, a mu 1994, imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena holide. Auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira m'chinenero chimene akumva. Ali ndi ufulu wokhala chete. Asasaine kapena kudinda chala pa sitetimenti yomwe sanamuwerengere.

Rimandi, yomwe amakuopsezerani nayo ija, si chilango. Ndi kusungidwa podikira mlandu, kaya ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba, ndipo munthuyo akadali woganiziridwa chabe mpaka khoti litamupeza wolakwa. Kuti m'menemo ndi mothithikana, inde, sitikana. Koma ali komweko angathe kupemphanso belo.

Choopsa kuposa zonse ndi langizo lija lakuti "ingovomerani, muzipita kwanu." Akamuwerengera mlandu, wozengedwa amafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana. Akati "ndikuvomera," mboni sizibweranso, woimira boma safunikanso kuvutika ndi umboni, chotsala ndi dandaulo lopempha chifundo kenako chilango. Ndipo apilo ya munthu wovomera yekha imavuta kwambiri. Amene sanamve bwino zomwe zawerengedwa anene kuti sanamve. Womasulira alipo chifukwa cha zimenezo.

Mulibe ndalama ya loya? Pitani ku Legal Aid Bureau, ntchito yake ndi yomweyo. Wakupemphani ndalama ya belo ya kupolisi? Sungani tsiku, malo ndi dzina kapena nambala ya pa yunifolomu, mukanene ku Anti-Corruption Bureau kapena ku Independent Complaints Commission yomwe imamva madandaulo okhudza apolisi. Auzeni anzanu kumudzi, kutchalitchi, kumzikiti ndi kumsika lero lomwe.