Lamulo la Newton linapita ku nkhondo: phunziro la Daniel Headrick

Ambiri mwa inu mukasankha masayansi mu Fomu 3 mumati, "Basi, za histore ndathana nazo." Ine, mphunzitsi wa fizikisi, ndikuti mwafulumira. Mboni yanga ndi Daniel Headrick, katswiri wa mbiri yakale wa ku America.

Headrick anabadwa mu 1941. Digiri yake ya PhD anaitenga ku yunivesite ya Princeton, ndipo kafukufuku wake anali wokhudza asilikali a ku Spain ndi ndale za dzikolo, osati makina ayi. Anaphunzitsa ku Tuskegee, kenako ku yunivesite ya Roosevelt mumzinda wa Chicago kwa zaka zoposa 30. Chomwe chinamutchukitsa ndi buku la mu 1981, The Tools of Empire.

Akatswiri anzake ankalimbana ndi funso lakuti: n'chifukwa chiyani Azungu ankafuna maiko a eni? Iye anafunsa lina: nanga anatha bwanji? Pajatu Apwitikizi anayamba kuyenda m'magombe a Africa m'zaka za m'ma 1400, koma kwa zaka pafupifupi 400 Azungu ambiri ankangothera m'mphepete mwa nyanja. Kenako pakati pa 1880 ndi 1914, pafupifupi Africa yense anagwa m'manja mwawo. Dyera analinalo kuyambira kale. Chomwe chinasintha, malinga ndi Headrick, ndi zida.

Choyamba ndi kwinini. Malungo ankapha Azungu ambiri akalowa kumtunda. Mu 1820 asayansi awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anapatula kwinini m'khungwa la mtengo wa cinchona. Mu 1854 sitima ya Pleiad inakwera mitsinje ya Niger ndi Benue anthu ake akumwa kwinini tsiku ndi tsiku, ndipo palibe Mzungu anafa ndi malungo pa ulendowo.

Chachiwiri ndi sitima ya nthunzi. Ngalawa ya matanga imadalira mphepo, pomwe injini ya nthunzi imasandutsa kutentha kwa nkhuni kapena malasha kukhala mphamvu yoyendetsa sitima, moti imakwera mtsinje molimbana ndi madzi. Izi si zakutali. Mu 1875 sitima ya Ilala ya amishoni a Livingstonia anaiphwasula, anthu akwathu n'kuisenza pamutu kudutsa mathithi a Shire, n'kuilumikizanso, n'kulowa nayo m'nyanja ya Malawi.

Chachitatu ndi mfuti, ndipo apa ndi pomwe fizikisi yathu ya m'kalasi ikulowa. Mukukumbukira lamulo lachitatu la Newton? Mfuti ikakankha chipolopolo kutsogolo, nacho chimakankha mfuti kumbuyo ndi mphamvu yofanana. Kwa mlenje, kukankha kumeneku ndi vuto lopweteka phewa. Hiram Maxim anakuona ngati mphamvu yaulere. Mu 1884 anapanga mfuti yomwe kubwerera m'mbuyo komweko kumatulutsa khoko la chipolopolo chowombedwa n'kulowetsa china, kotero imalavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi. Pa nkhondo ya ku Omdurman ku Sudan mu 1898, mfuti zotere pamodzi ndi mizinga zinapha asilikali a ku Sudan pafupifupi 10,000, pomwe mbali ya Britain ndi Egypt anafa osakwana 50. Lamulo lomwe mumaloweza pokonzekera MSCE ndi lomwelo linagwira ntchito tsiku limenelo.

Wina anganene kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti makina ndiwo anabweretsa utsamunda?" Ayi. Mfuti siisankha dziko loti ilande. Amasankha ndi anthu. Komanso zida sizikhala za mtundu umodzi. Mu 1896 ku Adwa, mfumu Menelik II ya ku Ethiopia inagonjetsa asilikali a Italy, ndipo china chomwe chinathandiza n'chakuti inali itagula mfuti zamakono zambiri. Headrick mwiniwake, m'buku la Power over Peoples la mu 2010, anaonetsa kuti zida zapamwamba sizipambana nthawi zonse.

Koma buku lomwe ndikufuna mulisunge m'mutu ndi la mu 1988, The Tentacles of Progress. M'menemo anasiyanitsa zinthu ziwiri: kusamutsa makina, ndi kusamutsa nzeru zopangira makinawo. Atsamunda anamanga njanji ndi matelegalafu, koma mainjiniya ndi mainjini ambiri ankachokera ku Ulaya, ngakhale ku India komwe kunali njanji zazitali kwambiri. Eni dziko ankapatsidwa ntchito yonyamula ndi kukumba. Makina anabwera, koma luso linatsala komweko.

Tsono tayang'anani foni ili m'manja mwanuyo, kapena sola ili padenga la kwanu. Ndani anaipanga? Ikafa, amaikonza ndani? Ngati ife tingodziwa kudina basi, ndiye kuti nkhani ya Headrick sinathe. N'chifukwa chake ndimati fizikisi musaiphunzire kuti mungokhoza mayeso, ndipo histore musaitaye. Fizikisi ikuuzani mmene chida chimagwirira ntchito. Histore ikuphunzitsani kufunsa kuti chili m'manja mwa yani, ndipo chikupindulira yani. Injiniya wosadziwa funso lachiwirili amangogwirira ntchito yemwe akulidziwa.