PA KHONDE LA KALALIKI: Mankhwala a ku India, Tiyambire Pati?

Sabata ino tikambirane za mankhwala a Amwenye otchedwa Ayurveda, pakuti timabotolo take tafika kale m'makomboni mwathu. Ena agula m'masitolo a ku Harare, ena kwa anthu oyenda ndi zikwama pa tsiku la malipiro, ndipo ambiri afunsa kuti, "Kodi ndi abwino, kapena tikungotaya ndalama?"

Ayurveda ndi mawu a chinenero chakale cha Sanskrit, ndipo atanthauza nzeru za moyo. Mabuku ake akulu, Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita, analembedwa zaka ngati 2,000 zapitazo. Asing'anga ake aphunzitsa kuti m'thupi muli zinthu zitatu, vata, pitta ndi kapha, ndi kuti munthu adwala pamene chimodzi chaposa zinzake. Madotolo a ku chipatala sayesa matenda motero. Koma ku India mankhwalawa ndi malonda akulu: kampani ya Dabur inayamba mu 1884, ya Himalaya mu 1930, ndipo mu 2014 Boma la kumeneko linakhazikitsa unduna wa AYUSH woyang'anira zimenezi.

Tsono munthu wofuna kuyesa ayambire pati? Ine nditi ayambe ndi za kunja kwa thupi ndi za ku khitchini. Amwenye akonda kutikita thupi ndi mafuta a chitowe ofunda pang'ono. Kwa munthu amene watha tsiku lonse atawerama m'mgodi wa chrome, kumene denga lili pafupi ndi msana, kutikita kotere kupumitsa minofu, ndipo mafuta afewetsa ming'alu ya ku mapazi otuluka m'majombo. Chitowe tichidziwa kwathu, sichilira ndalama zambiri. Mankhwala odzola monga Amrutanjan, amene anayamba kupangidwa ku Bombay mu 1893, atenthetsa khungu naiwalitsa kupweteka kwa mutu kapena kwa phewa kwa kanthawi. Musadzole pa bala kapena pafupi ndi maso. Jinja wa mu tiyi athandiza mseru. Nimu, mtengo umene a ku Nsanje ndi ku Chikwawa audziwa bwino, unachokera ku India komweko, ndipo kanthambi kake ndi mswachi wabwino. Koma mafuta a nimu musamwetse mwana, pakuti akhoza kumupha.

Za kumwa ndi kumeza za m'mabotolo ndizo zifuna maso. Triphala ndi ufa wa zipatso zitatu wotsegula m'mimba, wa munthu wodzimbidwa. Ukachuluka, tsiku la ntchito lithera ku chimbudzi. Chyawanprash ali ngati jamu, ndipo muli shuga wambiri, chotero wa matenda a shuga achenjere. Ashwagandha, amene ogulitsa ati apatsa mphamvu ndi tulo, waononga chiwindi cha anthu ena, ndipo dziko la Denmark linamuletsa mu 2023. Mai wapakati asamwe konse.

Pali chinanso chimene ife a m'migodi tiyenera kumvetsa msanga. Mbali ina ya Ayurveda, yotchedwa rasa shastra, isakaniza dala zitsamba ndi phulusa la zitsulo, limene alitcha bhasma. Mu 2003 Dr Robert Saper ndi anzake anagula mitundu 70 ya mankhwalawa m'masitolo a ku Boston, ku America, napeza mtovu, mekyule kapena aseniki mu mitundu 14. Pambuyo pake anayesanso mitundu 193 yogula pa intaneti, napeza kuti umodzi mwa isanu iliyonse unali wotero. Mekyule ndi yemwe uja agwirira golide ku mitsinje. Aseniki ndi yemwe kale ankathira m'dibi la ng'ombe. Mtovu upweteka m'mimba, uchepetsa magazi, uononga impso ndi nzeru za ana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chake sungani malamulo awa. Loyamba, musagule botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda mndandanda wa zimene zili m'katimo, kapena lopanda tsiku lothera mphamvu. Lachiwiri, mukaona mawu akuti bhasma kapena rasa, lisiyeni. Lachitatu, gulani ku famase, ndipo funsani ngati mankhwalawo avomerezedwa ndi Medicines Control Authority of Zimbabwe, pakuti lamulo la mu 2015 lifuna kuti ndi a zitsamba omwe ayambe apita kumeneko asanagulitsidwe. Lachinayi, yambani ndi mtundu umodzi wokha, kuti thupi likakana mudziwe cholakwa. Lachisanu, ngati mumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, musawaleke, ndipo onetsani botolo lanu kwa anamwino musanalawe.

Koma mawu anga akulu ndi a chifuwa. Fumbi la mwala likalowa m'mapapo silitulukanso. Lipanga zipsera, matenda amene madotolo atcha silicosis, ndipo palibe tsamba la ku India kapena la kwathu lochotsa zipserazo. Mapapo otere agwidwanso msanga ndi TB. Ngati mwatsokomola masabata awiri, ngati mutuluka thukuta usiku, muonda, kapena mulavula magazi, pitani ku chipatala, musadikire malipiro. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za Boma, amwedwa miyezi 6, ndipo achiritsa. Tiyi wa jinja afewetsa pa khosi, koma nthenda ikhala ikudya m'kati, niyambukira mkazi ndi ana m'chipinda chimodzi chija.

Ndilankhulenso monga munthu wa mapepala. Muno mu Zimbabwe lamulo la Pneumoconiosis Act lifuna kuti wogwira ntchito ya fumbi ajambulidwe chifuwa, ndipo a NSSA ndiwo ayang'anira za chipukuta misozi. Iwo awerenga chithunzi cha X-ray ndi kalata ya dotolo. Munthu amene anabisa chifuwa chake ndi timabotolo, nabwerera ku Dedza kapena ku Angonia wopanda pepala, asiyira banja lake mlandu wovuta kuutsata. Choncho sungani makhadi anu a ku chipatala pamodzi ndi chitupa, pouma, ndipo akazi anu adziwe pamene ali.

Sabata ya mawa tidzakamba za kutumiza ndalama kumudzi. Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Kalaliki wa ku Mutorashanga